Mpando wa Kutsogolo

Munthu wa ku Ntcheu madzi amene amawadziwa ndi a m'ndowa ndi othirira kabichi kudimba, basi. Ndiye anthu a mu ofesi atamva kuti a Mackford Gwaza, bambo wa imvi zake, wobadwira kuseri kwa Lizulu, akufunafuna kayaki yoti agule, anaseka mpaka wina anatsamwa tiyi. Kayaki ndi kabwato kapulasitiki kaja amapalasa alendo a m'maloji, kopanda ukonde, kopanda nyali, kongoyendera kuti munthu aone madzi. A Gwaza anawauza anzawowo kuti ndi adokotala alamula masewera chifukwa cha BP. Adokotala ananenadi za masewera, koma za kayaki sanatchule.

A Gwaza anafika ku Nkhata Bay boma litawasamutsa, ndipo ankakhala okha m'kanyumba ka boma pamtunda. M'kati mwa sabata zinkapiririka, poti ntchito imadya nthawi. Vuto linali Loweruka. Akachapa, kusita ndi kukolopa, ankapeza kuti kudakali m'mawa. Ankatsikira kumsika kukagula nthochi zimene sanazifune, kuti angomva munthu akuwayankhula. Anthu a kuno si oipa ayi, moni amapereka ndi mtima wonse. Koma nkhani ikafika pokoma imalowa m'Chitonga, ndipo a Gwaza ankatsala panja, n'kumaseka mochedwa anzawo atapukuta kale misozi.

Akazi awo, a Loyce, anatsala kumudzi. Nyumba ya malata imene a Gwaza anamanga inali kuchikamwini, pafupi ndi apongozi awo aakazi amene anafa ziwalo mbali imodzi. Kunalinso dimba la kachewere ndi benchi pamsika wa Lizulu. Poyamba a Loyce ankati abwera akakolola. Kenako ankati abwera Tadala, mwana wawo yekhayo, akalemba mayeso a Fomu 4. Tadala analemba, anakhoza, anapita kukoleji ku Lilongwe, a Loyce osabwera. A Gwaza nawo maulendo akumudzi anayamba kuchepa: basi yadula, msewu wa Nkhotakota waipa, ku ofesi kwachuluka ntchito. Munthu akafuna zifukwa sizisowa. Inatsala ndi foni yokha, nayonso inafupika mpaka inangokhala ya “mwadzuka bwanji” ndi “feteleza wakwera.”

Tsiku lina a Gwaza analimba mtima.

“Amake Tadala, tabwerani mudzakhaleko kuno, ngakhale mwezi umodzi.”

“Ndidzatani kumeneko?” anafunsa a Loyce. “Inu kuntchito, ine kumangoyang'ana madzi?”

Sanafunse mwaukali, ndipo chimenecho ndicho chinapweteka kwambiri. A Gwaza anayenda nalo funsolo masabata angapo, akuopa kuti akapanda kulipezera yankho banja lawo litha popanda ngakhale kukangana. Loweruka lina ali chikhalire pamwala kugombe la Chikale anaona nkhalamba ziwiri zachizungu, mwamuna ndi mkazi, zikupalasa kayaki imodzi, zikukangana za kolowera uku zikuseka. Anaziyang'ana mpaka zinazimiririka kuseri kwa miyala, ndipo pobwerera kunyumba mtunda uja sanaumve.

Anayamba ndi pafoni, monga achitira aliyense masiku ano. Anapeza yopopa ngati tayala, yotchipa, yoti wogulitsa wa ku Lilongwe akanaitumiza pabasi. Asanalipire, wina mu ofesi anawauza kuti loji ina ku Chikale yabweretsa makayaki atsopano ndipo akale ikugulitsa. Wosamala mabwato palojipo anali Edwin Manda, Mtonga wa pomwepo, wa manja ngati nkhafi, wosathamangira kuyankhula. Anayang'ana chithunzi chapafonicho n'kubweza foni, akuwatchula kuti ada, ndiye kuti bambo m'Chitonga.

“Ada, iyi ndi ya m'dziwe la kuhotela. Kuno miyala ndi mbedza zili paliponse. Ikaphulika muli pakati, mudzapopa ndi pakamwa?”

Anawatengera pansi pa mtengo wa mango pamene panagona makayaki atatu. Ina inali yofiira, yaitali, yowonda, yonyezimirabe. Ina yachikasu, yaifupi, yotakata ngati beseni. Yachitatu inali yobiriwira, yofwifwa ndi dzuwa, ya chigamba kumimba, ndipo inali ndi mipando iwiri.

Maso a a Gwaza anathamangira yofiira, poti ngakhale wa imvi amafuna chokongola. Edwin sanatsutse. Anaikokera m'madzi olekeza m'mawondo n'kuwauza kuti alowemo. A Gwaza analowetsa miyendo, anakhala, anatambasula dzanja kuti alandire nkhafi, ndipo anapezeka ali pansi pa madzi, kayaki ili pamwamba pawo. Amayi amene ankachapa pamiyala anabisa nkhope m'zitenje, koma mapewa ankawaulula.

“Chikomekome cha mkuyu,” anatero a Gwaza akufinya malaya.

“Si yoipa, ada, koma ndi ya odziwa,” anatero Edwin. “Woyamba kumene amafuna yotakata, yokhala pamwamba, osati yolowetsamo miyendo. Ikagubuduka mumangogwa, mumaitembenuza, mumakweranso. Yesani yachikasuyi.”

Yachikasu inawalandira bwino. Anagwedera dala uku ndi uku, iyo osatekeseka. Inali yopepuka yoti akanatha kuinyamula okha, yopanda mng'alu, ndiponso yotchipa kuposa zinzake. Edwin anaigogoda paliponse kuti amve okha kuti pulasitiki yake sinaume. Panalibe chotsutsa. Munthu wanzeru akanalipira pomwepo n'kumapita.

“Nanga yobiriwirayo?” anafunsa a Gwaza.

“Iyo ndi ya anthu awiri, ada. Ndi yolemera, ndipo munthu mmodzi imamuvuta. Muli ndi mnzanu?”

“Akazi anga akubwera.”

“Liti?”

“Posachedwapa.”

Edwin anayang'ana kunyanja. Nkhata Bay ndi tauni yaing'ono, ndipo munthu amene amagula nsomba imodzi ya batala tsiku ndi tsiku, zaka n'kumapita, sabisika.

“Kwathu kuno mwamuna akapita, mkazi amatsata,” anatero Edwin mofatsa.

“Kwathu wotsata ndi mwamuna,” anayankha a Gwaza, akuyesa kuseka.

Edwin anawauzanso kachiwiri kuti yachikasu ndiyo yawo, ndipo ankanena zoona. Koma kugula ya mpando umodzi kukanakhala kuvomera pamaso pa Edwin, pa amayi ochapa aja, ndi pamaso pa iwo eni, kuti a Loyce sadzabwera. A Gwaza anagula yobiriwira. Anagwirizana kuti izigona pomwepo pansi pa mango, poti kukwera nayo mtunda wa kwawo kukanafuna ngolo.

Loweruka lotsatira anavala jekete yoyandamitsa, anakhala pampando wa kumbuyo monga anawalangizira Edwin, n'kukankha. Mutu wa kayaki unadzuka m'mwamba ngati galu wonunkhiza mphepo. Inali nyengo ya mwera, ndipo kamphepo kalikonse kankaugwira mutuwo n'kuutembenuza. Akapalasa kumanja ankazungulira, akapalasa kumanzere ankazunguliranso. Anatuluka thukuta osachoka pamalo, mpaka Edwin anawakodola kuti abwerere.

Anamupeza Edwin atagwira thumba lopanda kanthu la feteleza.

“Kutsogoloko kukufuna munthu,” anatero Edwin. “Poti munthu palibe, tiikapo mchenga. Ama, akazi anuwo, ndi olemera bwanji?”

Funso la Edwin linali laling'ono, koma ndani amayeza mkazi wake pasikelo? Chimene a Gwaza anakumbukira ndi njinga. Kale ankawakweza a Loyce pakaliyala kuchokera kumsika wa Lizulu, ndipo pachitunda cha pafupi ndi kwawo ankachita kuimirira pamapedulo, a Loyce akuseka kumbuyo kuti mwamuna wanji wolephera katundu wake. Anali mayi wa thupi lake, wodzaza chitenje.

“Thirani,” anatero a Gwaza. Edwin anathira. “Thiraninso.” Anathira mpaka thumba linatsala pang'ono kudzaza, ndipo analinyamula awiri kukalikhazika pampando wa kutsogolo. Mutu wa kayaki unagona pamadzi, ndipo tsiku limenelo a Gwaza anayenda molunjika koyamba.

Kuyambira pamenepo Loweruka linapeza ntchito. Ankalawirira mphepo isanadzuke, osatalikira gombe, monga anawauzira Edwin. Manja anatuluka matuza, matuza anasanduka zikang'a. Asodzi obwerera ndi usipa poyamba ankangodabwa. Kwa iwo nyanja ndi munda, ndipo munthu wopita kumunda wopanda khasu n'kubwerako wopanda kanthu ndi wofunika kumupempherera. Kenako nkhani ya thumba inawafika. Akamadutsana nawo ankavula zipewa mwaulemu, osati kwa a Gwaza ayi, kwa thumba.

“Mwayuka uli, ama?” ankalipatsa moni wa m'mawa. “Lero ada akuyendetsani bwino?”

A Gwaza ankaseka nawo, ndipo aka kanali koyamba kuseka pa nthawi yake chifikire m'tauniyi. Koma mabwato aja akapita, pamadzi pankakhala zii, ndipo kusungulumwa kwa panyanja kumaposa kwa m'nyumba, chifukwa kulibe wailesi yoti n'kutsegula. Anayamba kuliyankhula thumbalo. Ankaliuza za mu ofesi, za bondo lowawa, za mmene ankaopera kupuma pantchito n'kubwerera kumudzi kumene ngakhale agalu anawaiwala. Zonsezi a Loyce enieni sanawauzepo. Kali kokha n'kanyama, anatero akale, ndipo a Gwaza ankadziwa kuti thumba la mchenga silimusandutsa munthu kukhala awiri.

Mwera utaleka, anaimba foni.

“Amake Tadala, munafunsa kuti mudzatani kuno. Yankho ndalipeza. Ndagula bwato.”

A Loyce anaseka, kuseka kwenikweni kumene a Gwaza anali atakuiwala.

“Inu? Amene munkavula nsapato n'kupemphera powoloka kamtsinje ka kudimba?”

“Ine ndemwe. Mpando wa kutsogolo ndi wanu.”

“Chabwino, ndibwera pa holide ya Anakubala. Achemwali atsala ndi amayi. Ndili nazonso zoti tidzakambirane.”

A Gwaza anamva “ndibwera” yekhayo. Anapenta khomo, anagula makatani, anagulanso kwa Edwin jekete yachiwiri, yaikulu pa onse amene analipo.

A Loyce anatsika basi masana a Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, atanyamula kathumba ka kachewere ndi chikwama chaching'ono, chosakwana zovala za mwezi. Nkhope inaoneka yotopa, ndipo a Gwaza anati ndi msewu. Kunyumba a Loyce anayamikira makatani. Anakamba za Tadala, za malata odontha, za mankhwala a amayi. Ankapatsana ulemu wambiri, wonga wa anthu okumana pamaliro.

M'mawa anatsikira ku Chikale. Edwin anawalandira a Loyce ndi manja awiri, anachotsa thumba pampando n'kuligoneka pansi pa mango. Powaveka jekete anakoka malamba mpaka pamapeto, koma inali ikukhwepabe. Anangolowa m'kanyumba ka zipangizo n'kubweretsa ina yaing'ono ya palojipo. A Loyce anakwinya chitenje, anakhala pampando wa kutsogolo atagwiritsa m'mbali, ndipo a Gwaza anakankha n'kukwera kumbuyo.

Anamva kusiyana nthawi yomweyo. Mutu wa kayaki unali m'mwamba pang'ono, ndipo nkhafi inkalowa mopepuka kuposa masiku onse. Anayang'ana msana umene unali patsogolo pawo. Khosi linali lowonda, mafupa a m'mapewa akuonekera m'mbali mwa jekete. Dzulo lonse anakhala nawo m'nyumba osaona zimenezi.

A Loyce mantha sanachedwe nawo. Munthu wozolowera khasu nkhafi siimuvuta, ndipo posakhalitsa ankapalasa mofanana, uku ndi uku, osauzana. Anadutsa miyala ya kumapeto kwa gombe n'kufika pamadzi oyera oti pansi pankaoneka, tinsomba tabuluu tikuzungulira miyala. A Loyce anagoneka nkhafi pamiyendo n'kuviika dzanja m'madzi.

“N'kokongola,” anatero. “Simunaname.”

Mtima wa a Gwaza unadzaza. Anafuna kunena kuti uku n'kuyamba chabe, kuli malo ena kutsogoloku kumene nkhwazi zimatera pafupi, adzapitako mawa. Koma a Loyce anayamba ndiwo, osacheuka.

“Bambo a Tadala, bwato lanuli landithandiza. Dzulo ndinayesa kuyankhula, koma ndikakuyang'anani mawu amathawa. Ndiyankhule chonchi, ndisakukuonani.”

A Gwaza anasiya kupalasa.

“Nthawi ya mvula ija ndinakuuzani kuti ndikudwala. Munati ndimwe mankhwala. Ndinagonekedwa m'chipatala, phala ankabweretsa ndi achemwali. Nditatuluka munandifunsa ngati kachewere walowa chiwawu.”

“Munati ndi malungo pang'ono.”

“Ndinaterodi. Ndinkafuna ndione ngati mufunsenso.” Anatulutsa dzanja m'madzi n'kulipukuta pachitenje. “Sindikukuimbani mlandu nokha. Inenso ndinaleka kufunsa za inu. Amayi sangasamuke, ine sindingawasiye, ndipo inu kumudzi kuja mumafika ngati mlendo wothamangira basi. Ndazolowera kukhala ndekha, moti mukabwera ndimasowa pokuikani. Amalume ndawauza kale kuti akumane ndi ankhoswe anu, tisiyane mwamtendere. Koma ndinati nkhani iyi isakupezeni pafoni ngati ya feteleza. Mwandisunga zaka zambiri, ndiyenera kukuuzani ndekha.”

Kayaki inkatembenuka pang'onopang'ono yokha. A Gwaza anafunitsitsa kuona nkhope ya akazi awo, kuti adziwe ngati akulira kapena ayi, koma m'kayaki munthu sasuntha pampando. Chimene ankaona ndi duku ndi khosi lowonda lija.

“Panali ya mpando umodzi,” anatero. “Yotchipa, yabwino. Ndinaikana. Ndinagula iyi chifukwa cha inu.”

“Ndaona, ndipo zandikhudza,” anatero a Loyce. “Koma ndalama yake ikanakufikitsani ku Lizulu, bambo a Tadala. Inu munkakonza zoti ine ndibwere. Ine ndinkadikira kuti inu mubwere.”

Ulendo uno a Gwaza anadziwa kuti palibe chogula chimene chingakhale yankho. Anamva chisoni chachikulu, ndi manyazi pamwamba pake. Madzi ankamenya chigamba chija pansi pawo. Kenako a Loyce anatola nkhafi, iwonso anatola yawo. Pobwerera kayaki inayenda bwino kuposa tsiku lina lililonse, molunjika, mosavuta. Asodzi ena amene ankakonza ukonde pagombe anaimirira n'kuwomba m'manja poona kuti ama afika enieni, ndipo a Loyce anawabayibitsa mwaulemu.

A Loyce ananyamuka m'mawa mwake pabasi ya ku Salima. A Gwaza anawanyamulira chikwama mpaka pakhomo la basi, ndipo a Loyce anawauza kuti kachewere uja asamusiye m'thumba, angawole.

Loweruka linafika monga limafikira. A Gwaza anachapa, anasita, anakolopa, n'kupeza kuti kudakali m'mawa. Anatsikira ku Chikale. Edwin anali pansi pa mango, ndipo sanafunse za ama, poti tauni yaing'ono imaonanso amene wakwera basi ndi chikwama chake.

“Ada, yachikasu ija ilipobe,” anatero. “Ndayankhula ndi abwana. Mukhoza kusinthitsa, osawonjezera kanthu.”

“Yewo, a Manda,” anathokoza a Gwaza. “Mwina tsiku lina.”

Anakokera yobiriwira m'madzi, ndipo Edwin anawathandiza kukhazika thumba pampando wa kutsogolo. Mutu wa kayaki unagona pamadzi monga kale. A Gwaza anaima m'madzi olekeza m'mawondo akuuyang'ana. Kenako anamasula chingwe cha thumba, analowetsa manja awiri, anatapa mchenga n'kuutaya m'nyanja. Anayang'ananso mutu uja, anatapanso. Anapitiriza choncho, kutapa ndi kuyang'ana, mpaka thumba linafota ndipo mutu wa kayaki unadzuka pang'ono.

“Bwanji, ada?” anafunsa Edwin. “Mukatero mphepo izikuvutitsani.”

A Gwaza anamanga thumba lija bwinobwino n'kulikhazika mowongoka.

“Tinathira wambiri,” anatero. “Anachepa thupi, ine osadziwa.”